Linga la pa Phiri la Mangochi

Anzanga, pophunzira za malinga a mafumu a ku Germany tisaiwale kuti kwathu kuno aliponso. Ndikuuzeni za limodzi.

Pa phiri la Mangochi panali mudzi wa Jalasi, mfumu ya Ayao. M'caka ca 1892 anthu ace anapirikitsa asilikari a Angerezi, nalanda mzinga wao. Koma mu 1895 Angerezi anabweranso, ndipo Jalasi anathawira ku dziko la Apwitikizi. Pamalo pomwepo iwo anamanga linga mu 1897. Pambuyo pace linasanduka ndende, ndipo pa nkhondo ya 1914 munaphunzira asilikari. Lero liri m'manja mwa Boma la Malawi, koma zatsala zipupa zokha.

Ife a ku Limphasa tiri kutari, komabe mbiriyi njathu. Tikapanda kuisunga, adzakumbuka Jalasi ndani?