Galu Wamkulu Akamaipitsa M'nyumba: Mafunso ndi Mayankho

M'midzi yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi galu malo ake ndi pabwalo, pakhonde kapena paphulusa kukhitchini. Koma ikafika June ndi July, mphepo ya m'mapiri a ku Kongwe, ku Mvera ndi m'mbali mwa nkhalango ya Ntchisi imalowa mpaka m'mafupa, ndipo anthu achifundo amamulowetsa galu. Ena amatero poopa afisi, ena pofuna mlonda pafupi ndi mabelo a fodya ndi matumba a soya. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi m'maboma onse awiri aliponso mabanja amene galu wawo amagona m'nyumba chaka chonse. Kukacha, mayi apeza pabalaza pali mkodzo kapena chimbudzi, mkangano nkuyamba. Kabuku kano kakuyankha zimene eni agalu otere amafunsa.

Galu wanga ndi wamkulu, si kamwana. Akuchitiranji zimenezi?

Yambani mwadzifunsa funso limodzi: kodi galuyu anakhalapo m'nyumba osaipitsa?

Ngati sanakhalepo, palibe chodabwitsa. Galu wokulira pabwalo sanafunikepo kudikira. Zikamupana amangopita kuseri kwa nkhokwe basi. Mwachibadwa galu sakonda kuipitsa pamene amagona, koma kwa iye pogona ndi kamalo kamene wadzipindapo, osati nyumba yonse. Chipinda chosungira matumba a chimanga, chomwe mulibe munthu, amachiyesa kunja. Galu wotereyu akungofunika kuphunzitsidwa, ndipo msinkhu suletsa.

Koma ngati wakhala zaka akudziletsa, nkungoyamba mwadzidzidzi, nkhani ndi ina. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Kawirikawiri m'thupi mwake muli chimene chavuta, ndipo kumuphunzitsa musanachipeze nkutaya nthawi.

Ndingadziwe bwanji kuti akudwala?

Musathamangire tsache. Nkonyansa, inde, koma weramani muyang'ane kaye chimene wasiyacho, chifukwa dokotala wa ziweto adzakufunsani zomwezo.

Chimbudzi chikakhala chamadzi, ganizirani zimene wadya: mkute wosasa, nkhuku yofa yokha, zotola kudzala, kapena madeya ochita nkhungu. Galu wotsegula m'mimba sangadikire kuti kuche. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga tikuyenda pachimbudzi kapena pansi pa mchira, kapena njoka zazitali zoyera, ndiye kuti ali ndi njoka zam'mimba. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, galu akuonda ndipo nkhama zake zayera, chimaloza mtundu wa njoka zoyamwa magazi m'matumbo.

Mkodzo nawo umanena zambiri. Galu amene akunjuta pafupipafupi nkumangotulutsa timadontho, mwina tamagazi, amakhala ndi vuto m'chikhodzodzo. Amene akumwa madzi osakhuta ndi kukodza chithaphwi chachikulu choyera akhoza kukhala ndi matenda a shuga kapena a impso, makamaka akakhala wachikulire. Mkodzo wofiirira ngati tiyi, galu ali lefu, sakudya, m'makutu muli nkhupakupa, ndi chizindikiro cha matenda obwera ndi nkhupakupazo, ndipo amapha msanga. Galu wamkazi amene patha mwezi umodzi kapena iwiri chikwereredwe, akumwa madzi kwambiri ndipo kumaliseche kukutuluka mafinya, angakhale ndi mafinya m'chiberekero. Ameneyo pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo.

Palinso nthenda ina yofala pakati pa agalu oyendayenda, imene anthu amaisokoneza ndi kukodza magazi. Ndi chotupa chofiira, chonyenyeka, chomera kumaliseche, chimene agalu amapatsirana pokwerana. Chimadontha magazi pansi ngakhale galu asakukodza. Chimachira ndithu ndi majakisoni a kwa dokotala, choncho si chifukwa chomuphera.

Pomaliza yang'anani pamene wagona. Mukapeza saka lanyowa iye osadziwa, ameneyo mkodzo ukungomupulumuka ali m'tulo. Zimachitika kwa agalu okalamba ndi ena aakazi amene anatsekedwa kubereka.

Galu wamphongo amene akukankha koma mkodzo osatuluka ngakhale dontho, njira yatsekeka. Thamangani naye tsiku lomwelo.

Kodi sichingakhale chiwewe?

Kuipitsa m'nyumba pakokha si chizindikiro cha chiwewe. Koma ngati galu wasinthanso khalidwe, wofatsa wayamba kuluma chilichonse, dovu likuchucha, mawu ouwa asintha, miyendo yakumbuyo ikukwekwereka, musamugwire ndipo musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa fupa. Mutsekereni, chotsani ana, itanani mlangizi wa ziweto. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha boma ku Dowa, ku Ntchisi kapena chimene chili pafupi. Zizindikiro zikayamba mwa munthu, chiwewe sichichira. Galu wogona m'nyumba limodzi ndi ana asadumphe katemera wa chaka ndi chaka. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 September, koma musadikire tsikulo, funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) kuti katemera afika liti.

Ndimugulire mankhwala anji kugolosale?

Musagule. Mankhwala a anthu monga bulufeni amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo panado wochuluka amawononga chiwindi. Makapusozi otsala m'kabati nawonso asiyeni. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi paboma. Pa zaulimi, maboma onse awiri ali pansi pa ofesi ya Kasungu ADD. Vuto likakhala lofuna opaleshoni kapena kuyeza magazi ndi mkodzo, ku Lilongwe kuli madokotala a ziweto, kuphatikizapo bungwe la LSPCA. Popita muuzeni zonse: zinayamba liti, ndi mkodzo kapena chimbudzi, usiku kapena masana, amadya chiyani, akumwa madzi motani. Mankhwala a njoka galu wamkulu azilandira miyezi itatu iliyonse, pamlingo wa kulemera kwake.

Anzanga akuti ndimukhutize mphuno pachimbudzi chakecho ndi kumukwapula. Zimathandiza?

Sizithandiza, ndipo ndikupemphani musatero. Galu amagwirizanitsa chilango ndi chimene akuchita panthawi yomweyo. Wachita chimbudzi 2 koloko usiku, inu mwamukwapula 6 koloko m'mawa: chimene waphunzira n'chakuti bambo akadzuka amamenya. Akamafwenthera pakona, makutu pansi, mchira pakati pa miyendo, anthu amati wadziwa kulakwa kwake. Ayi, wawerenga nkhope yanu.

Choipa kwambiri n'chakuti galu womenyedwa amaopa kudzithandiza inu mukuona. Mutuluka naye panja, iye adzigwira, mukalowa nkukabisala kunsi kwa bedi. Pamenepo ntchito yakula kawiri. Ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mwana.

Mukamupezerera ali mkati mochita, ombani m'manja kamodzi, mutulutseni msanga, akamalizira panja muyamikireni. Mukapeza zitachitika kale, kolopani basi.

Nanga galu wamkulu ndimuphunzitse bwanji?

Yambani ndi nthawi ya chakudya, pakuti vuto lambiri lagona pamenepo. M'makomo ambiri galu amadya usiku, banja likatha mgonero, pamene mayi akukokota m'mbale ndi kumuponyera zotsala. Atangodya, chitseko chitsekedwa. Komatu galu akadya m'mimba mumayamba kuyenda, ndipo ambiri amafuna kuchita chimbudzi ola lisanathe. Choncho sungani zotsalazo mumupatse m'mawa, ndipo chakudya chachiwiri adye cha m'ma 4 kapena 5 koloko dzuwa likadalipo. Madzi musamumane.

Chachiwiri, werengani maola. M'nyengo yozizira anthu amatseka zitseko 7 koloko, nkudzatsekula 6 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 11. Galu wamkulu wathanzi amapirira bwino maola 6 mpaka 8, wokalamba osafika pamenepo. Munthu womaliza kugona atuluke naye, ndipo woyamba kudzuka atsekule chitseko asanakoleze moto.

Sankhani malo amodzi, kutali ndi chitsime, thandala la mbale ndi posewerera ana. Muzipita naye pamenepo pachingwe akangodzuka, akangodya, madzulo ndiponso musanagone. Musangomukankhira panja nkutseka, chifukwa kukuzizira adzangokhala pakhomo kudikira kulowa. Imani naye. Adzanunkhiza pansi, nkuzungulira kawiri katatu, nkunjuta. Akangomaliza, pomwepo, muuzeni mawu okoma ndi kumupatsa kabonya kamodzi kamene munakonzeratu m'thumba. Kabonya kameneko mukakamupatsira m'nyumba mwamuyamikira kulowa, osati kudzithandiza. Akapanda kuchita kanthu, bwererani naye, mukhale naye pafupi, muyesenso pakapita kanthawi.

Masiku ophunzirawa asamayendeyende m'nyumba yekha. Tsekani zipinda. Usiku mutchingireni kamalo kochepa, kokwana kuimirira, kutembenuka ndi kugona, muyalepo saka lake. Pamalo pochepa chotero amadzigwira yekha. Akayamba kulira kapena kupalasa chitseko pakati pa usiku, dzukani. Galu amene wapempha nkukanidwa amasiya kupempha.

Banja lonse limvane. Bambo akamatsata nthawi koma ana nkumamuponyera nsima usiku, palibe chidzasinthe. Agalu ena amagwira m'masabata awiri, ena mwezi umapitirira. Akatha masabata angapo osaipitsa, muyambe kumutsekulira chipinda chimodzichimodzi.

Wanga sachita chithaphwi. Amangokweza mwendo pamwendo wa tebulo ndi pamatumba.

Ameneyo sakupanidwa, akuika chizindikiro kuti agalu ena adziwe kuti pano pali mwini. Mudzaona kuti ndi mkodzo wochepa, pa zinthu zoimirira, makamaka zachilendo: thumba la feteleza lobwera kumene, chikwama cha mlendo, tayala la njinga limene ladutsa pamsika. Zimakula pakakhala galu wamkazi wofuna mwamuna m'mudzi, zomwe zimachitika pafupifupi kawiri pachaka kwa masabata atatu. Wamkaziyo nayenso nthawi imeneyi amakodza pafupipafupi.

Kufula kumachepetsa khalidweli mwa agalu ambiri, ngakhale amene anazolowera kwa zaka angafunikebe kuphunzitsidwa. Alenje ndi eni nyumba ambiri amaopa kuti galu wofula amazizira. Kuuwa ndi kulondera sikutha. Chimene chimachepa ndi kusowa pakhomo masiku atatu nkubwera ndi mabala. Koma afule ndi wodziwa, ndi mankhwala oletsa ululu, osati mpeni kapena mphira kuseri kwa nyumba.

Ndakolopa, koma amabwerera pamalo omwewo.

Mphuno yanu yakhutira, yake ayi. Fungo likatsala, kwa galu pamenepo ndi pachimbudzi. Pasimenti yambani mwapukuta mkodzo wonse ndi sanza, tsukani ndi sopo, kenako thiranipo viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, pauma. Pakauma mukhoza kuwazapo soda. Jik musathire pamkodzo wosapukuta, ndipo musasakanize ndi viniga, chifukwa mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Simenti yong'aluka imamwa mkodzo, choncho matani ming'aluyo.

M'nyumba yozira kukolopa sikuthandiza. Palani dothi lonyowalo ndi khasu mpaka mufike pouma, kalitayeni kutali, bweretsani dothi latsopano, tsenderani, zirani. Mkeka kapena mphasa chapani ndi sopo, muyanike padzuwa tsiku lonse. Mukatha ikanipo mpando kapena mtondo kwa masabata angapo.

Kodi chimbudzi cha galu chingadwalitse ana?

Inde, ndipo ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kuposa fungo. M'chimbudzi cha galu wa njoka mumakhala mazira osaoneka ndi maso. Akakhala m'dothi masabata awiri kapena kupitirira amakhwima, ndipo amatha kukhalamo miyezi yambiri. Mwana wokwawa amagwira pansi nkuika dzanja m'kamwa, ndipo tinjokato tikalowa m'thupi timatha kufika kuchiwindi ngakhale m'diso. Mtundu wina umaboola khungu la kuphazi nkusiya kamzere kofiira, kokhotakhota, koyabwa kwambiri. Choncho wolani chimbudzi tsiku lomwelo, cha pabwalo chomwe, ndi fosholo kapena khasu. Kachiponyeni m'chimbudzi chokumba kapena kukwirira mozama, osati m'dimba la ndiwo. Ntchitoyi musatume kamwana, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Amangoipitsa kukagunda mabingu, kapena ndikamukalipira.

Amenewo ndi mantha. Mvula yoyamba ya November ndi December m'mapiri muno imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, ndipo agalu ena amanjenjemera mpaka kudzikodzera. Kumwamba kukayamba kuda mutulutseni adzithandiziretu, kenako mulekeni abisale pamene wasankha. Amene amakodza mukamuyandikira, atagona chagada, akukugonjerani. Musamuweramire ndi mawu okweza. Njutani chammbali, mulankhule pang'onopang'ono, abwere yekha.

Sindingangomubwezera panja?

Mungathe, ndipo kwa galu wathanzi wokulira pabwalo nthawi zambiri n'kwabwino kutero. Koma pakhale pogona penipeni. Mumangireni kakhola ka njerwa kapena mitengo yolimba pafupi ndi khomo, kofolera bwino, pansi pokwera kuti madzi asalowe, khomo lake lofulatira mphepo ya mwera. Muyalemo masaka kapena udzu wouma, muzisintha pothana ndi nthata. Kumene afisi amafika, kakhale ndi chitseko chotseka usiku, ndipo lamulo la maola lija ligwirabe ntchito: atuluke musanagone, atulukenso mbandakucha. Musamumangirire patcheni chachifupi usana ndi usiku, pakuti galu wokakamizika kugona pa chimbudzi chake amataya ukhondo umene anabadwa nawo, ndipo ameneyo ndiye amavuta kuphunzitsa kuposa onse.

Galu wokalamba, wa mafupa ophwanya, amene mkodzo ukumupulumuka, musamutulutse mu July. Muikeni pakona ya khitchini, muyale pulasitiki pansi ndi masaka awiri atatu osinthanitsa pamwamba, muzimutulutsa kawirikawiri, ndipo muzimupukuta m'ntchafu ndi madzi ofunda kuti mkodzo usamutentheko zilonda.