Dziwani ufulu wanu: lembetsani malo anu

Ku Migowi, ku Chiringa ngakhale pa boma pa Phalombe, mabanja ambiri anamanga nyumba pa malo amene umboni wake ndi kapepala kolemba pamanja ndi mawu a mfumu basi. Mfumuyo ikamwalira, kapena madzi akafafaniza malire monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, wosauka ndiye amayamba kuthamangitsidwa.

Lamulo la malo a makolo la 2016 limakulolani kulembetsa malo m'dzina lanu ndi kulandira chiphaso. Pempho limadzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu, momwe mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Mayi wamasiye nayenso ali ndi ufulu womwewu, achibale asamunamize. Mkangano ukabuka, khoti la malo la kwa T/A lilipo.

Musadikire kuti wina azike mwala pakhonde panu. Kafunseni ku ofesi ya malo kwa DC.