Pulogalamu Inakhoza Mayeso Onse, Makolo N'kuuzidwa Kuti Sanalipire

Mukadina Enter pa kiyibodi, kompyuta imalemba chizindikiro chimene maso sachiona. Pa Linux ndi pa Mac ya masiku ano chimakhala chimodzi, LF, chomwe ndi nambala 10 pamndandanda wa ASCII. Pa Windows zimakhala ziwiri zotsatizana: CR, nambala 13, kenako LF. Nkhani iyi inabadwa pa kusiyana kochepaku, ndipo ndikuisimba chifukwa amene anaphonya sanali aulesi kapena osadziwa ntchito. Anali anthu akhama, okonda kuti zinthu zikhale mwaukhondo.

Gulu lina laling'ono linkapanga pulogalamu yothandiza sukulu kudziwa ana amene alipiriridwa fizi. Tsiku ndi tsiku banki inkatumiza fayilo ya CSV, mzere uliwonse uli ndi tsiku, ndalama, ndipo kumapeto kwenikweni nambala ya wophunzira. Mizere yake inkathera ndi CR ndi LF, monga momwe chimanenera chikalata cha RFC 4180 cha mu 2005, chofotokoza kalembedwe ka CSV. Amene anayambitsa ntchitoyi anachita mwanzeru. Anatenga fayilo imodzi ya kubanki, n'kusintha manambala kuti isaulule za eni ake, n'kuisunga pamodzi ndi mayeso a pulogalamu. Pambali pake anasunganso fayilo ina yosonyeza lipoti limene pulogalamu iyenera kutulutsa. Munthu akangokhudza khodi, mayeso ankawerenga fayilo yoyamba, n'kuyerekeza zotuluka ndi yachiwiri, baiti ndi baiti.

Onse m'gulumo ankagwiritsa ntchito Linux kapena Mac, choncho kunali bata mpaka pamene analemba ntchito mtsikana wina amene anabwera ndi laputopu ya Windows. Atangotsitsa khodi n'kuyendetsa mayeso, ena analephera. Anaika lipoti limene pulogalamu inatulutsa ndi fayilo ya lipoti ija pasikirini moyandikana, n'kuwerenga lemba ndi lemba, koma osapeza posiyana.

"Achimwene," anatero kwa mkulu wa gulu, "akuti mafayilowa akusiyana, koma ine ndikuona chimodzimodzi."

"Musadandaule achemwali, ndi mathero a mizere amenewo. Ndikonza madzulo ano."

Mkuluyo analondola. Git, pulogalamu yosungira khodi m'nkhokwe, ukaiika pa Windows osasintha zosankha zake, imatchera core.autocrlf kukhala true. Ikamatulutsa mafayilo a mawu m'nkhokwe, LF iliyonse imaisandutsa CR ndi LF. Fayilo ya lipoti inafika pa laputopu ya mtsikanayo itanenepa ndi baiti imodzi pamzere uliwonse, pomwe pulogalamu inkalembabe LF yokha.

Kusiyanaku n'kwakale kuposa ambiri amene amavutika nako. Makina olembera uthenga ngati Teletype Model 33, otuluka mu 1963, ankafuna malamulo awiri kuti ayambe mzere watsopano: lina lobwezera mutu wolembera kumanzere, lina lokweza pepala. CP/M inatsata njira imeneyo, MS-DOS ya mu 1981 n'kutengera, Windows n'kulandira cholowa. Multics, kenako Unix, anasankha LF yokha. Mac yakale inkagwiritsa ntchito CR yokha mpaka Mac OS X itafika mu 2001. Ngakhale Notepad inayamba kuonetsa bwino mafayilo a LF mu 2018. Palibe mbali yolakwa pamenepa. Chilichonse chili ndi mbiri yake, ndipo pulogalamu yolandira mafayilo a anthu ena iyenera kuzidziwa zonse.

Madzulo amenewo mkulu uja anapanga fayilo ya .gitattributes n'kulembamo mzere umodzi: `* text=auto eol=lf`. Kenako anayendetsa `git add --renormalize .`, lamulo limene linabwera ndi Git 2.16 mu 2018, lomwe limakonzanso mafayilo onse a m'nkhokwe kuti atsate lamulo latsopano. Kusinthako kunakhudza mizere yambirimbiri, ndipo mzere uliwonse unkaoneka ngati wachotsedwa n'kubwezedwa momwemo. Mnzake amene ankayenera kuunika anangoyendetsa maso, n'kuvomereza. M'mawa mwake mayeso anakhoza pa makompyuta onse, ndipo aliyense anayamikira.

Palibe amene anazindikira kuti kanyenyezi kali kumayambiriro kwa mzere uja kakutanthauza fayilo iliyonse, ndi ya kubanki yomwe. CR zake zonse zinasesedwa. Dzina lake linali lomwelo, pamalo pomwepo, mawu ake omwewo, koma sinalinso chithunzi cha zimene banki imatumiza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo funso limene linasowa tsiku limenelo linali lalifupi: kodi pali fayilo imene ili ndi CR mwadala?

Panapita miyezi popanda vuto, chifukwa khodi yowerenga CSV inkadziwabe kuthana ndi CR. Kenako mnyamata wina wa m'gulumo, pofuna kuti pulogalamu izithamanga, anachotsa laibulale yowerengera CSV n'kulemba njira yakeyake yodula mawu paliponse pali LF. Anachita zonse zoyenera: anayendetsa mayeso, onse anakhoza, anzake anaunika, khodi inapita pa seva. Fayilo ya mayeso ikanakhala momwe inalili poyamba, cholakwikacho chikanagwidwa tsiku lomwelo pa desiki pake.

Chinagwidwa sabata yotsegulira sukulu, pa mzere wa makolo. Pakuti nambala ya wophunzira inali kumapeto kwa mzere, CR inkatsalira kumchira kwake. Nambala 4521 ya m'kaundula wa sukulu ndi 4521 yokhala ndi CR ndi zinthu ziwiri zosiyana kwa kompyuta, ngakhale pasikirini zimaoneka zofanana. Ndalama zinkafika, koma pulogalamu sinkapeza mwini wake. Alembi a sukulu anakhulupirira zimene kompyuta inkanena. Ana ena anabwezedwa kunyumba. Makolo amene anagulitsa mbewu kapena kukongola kuti alipire pa nthawi yake anaimirira pakhomo la ofesi, malisiti ali m'manja, akuuzidwa kuti sanalipire.

A gululo anayamba ndi kukayikira banki, kenako seva. Mayeso ankakhozabe, ndipo kukhoza kumeneko n'kumene kunawasocheretsa, chifukwa aliyense ankati khodi yoyesedwa singakhale yolakwa. Mtsikana wa Windows uja, amene anali atalumidwapo kale ndi nkhaniyi, ndiye anatenga fayilo yeniyeni ya kubanki n'kuitsegula ndi `cat -A`. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali ^M. Atatsegula ya mayeso, kunalibe ngakhale imodzi. Mbiri ya Git inaloza tsiku la kusesa kuja.

Phunziro la nkhaniyi si lakuti kugwirizanitsa mathero a mizere n'koipa. Mkulu uja analondola polemba lamulo mu .gitattributes, chifukwa fayilo imeneyi imayenda ndi khodi ndipo imamanga aliyense mofanana, pomwe core.autocrlf imakhala pa kompyuta ya munthu mmodzi. Khodi ndi masikiripiti a Linux ayeneradi kukhala ndi LF. Amene anaonapo uthenga wa `/bin/bash^M: bad interpreter` akudziwa chifukwa chake. Cholakwa chinali kuyesa fayilo ya mayeso ngati khodi wamba. Fayilo ya mayeso ili ngati mwala woyesera sikelo pamsika: ukaupala kuti ugwirizane ndi sikelo, mkangano umatha, koma kuyambira tsiku limenelo aliyense wogula akuberedwa popanda wodziwa.

Choncho musanasese nkhokwe yanu, yendetsani `git ls-files --eol`. Lamuloli limaonetsa fayilo iliyonse: mathero ake m'nkhokwe, mathero ake pa kompyuta yanu, ndi lamulo limene likuigwira. Fayilo iliyonse ya CRLF imene muipeze, funsani mwini wake chifukwa chake ili choncho. Zimene zikuimira zochokera kunja, monga CSV ya kubanki, imelo, kapena mayankho a HTTP, zipatseni mzere wawo mu .gitattributes wothera ndi `-text`, pansi pa mzere wa kanyenyezi, kuti Git isazikhudze. Zithunzi ndi mafayilo ena osakhala a mawu muwalembe `binary`. Ikaninso .editorconfig yogwirizana ndi malamulo omwewo, kuti pulogalamu yolembera khodi isasinthe zinthu mwakachetechete posunga. Ndipo kusesa kukhale commit yakeyake, yosasakaniza ndi kusintha kwina, kuti wounika athe kuwerenga mndandanda wa mafayilo okhudzidwa imodzi ndi imodzi.

Pali njira ina yachidule imene imakopa ambiri: kuuza mayeso kuti azinyalanyaza CR poyerekeza. Pa lipoti longowerengedwa ndi anthu zingatheke. Koma pamene mathero a mzere ndi gawo la pangano pakati pa makompyuta awiri, kutero n'kutseka maso dala. Mu Disembala 2023 Timo Longin wa SEC Consult anaonetsa kuti maseva a imelo amene sankagwirizana pa kamvedwe ka CR ndi LF ankalola munthu kuzembetsa imelo yabodza m'dzina la wina. Amene anapanga mtundu wa zithunzi wa PNG anaiona ngoziyi kalekale: m'mabaiti 8 oyambirira a chithunzi chilichonse anaikamo dala 13 ndi 10, kenako 26 ndi 10, kuti fayilo ikasinthidwa mathero panjira, izindikirike nthawi yomweyo.

Tengerani nzeru imeneyo. Lembani mayeso ang'onoang'ono otsimikiza kuti fayilo ya chitsanzo idakali ndi 13 ndi 10 m'kati mwake, kuti wina akadzaisesa, mayesowo adzakuwe. Sungani zitsanzo zonse ziwiri, cha LF ndi cha CRLF, ndipo mayeso aziyenda pa Windows ndi pa Linux pomwe. Pomaliza, mukasintha chilichonse chokhudza mafayilo a mayeso, onongani khodi dala kwa kanthawi, muone ngati mayeso alephera. Akakhoza khodi ili yoonongeka, ndiye kuti sakulondera kanthu, ndipo ndi bwino mudziwe zimenezo inuyo pa desiki panu, kholo la mwana lisanazidziwe pakhomo la ofesi.