Phunziro la mwezi uno: Jakisoni wa chipembere ndi mankhwala a m'khola mwathu

Amayi anzanga, ana athu kuno ku Lisasadzi chipembere amangochiona pa chithunzi. Kale zipembere zinalimo m'nkhalango ya Kasungu, koma opha nyama mozembera anazimaliza pofuna nyanga. Zomwe zilipo lero zili ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mbewu yake inachita kuchokera ku South Africa. Ziwiri zoyamba zinafika ku Liwonde mu 1993, zina 17 mu 2019.

Chipembere chikakodwa pa msampha wa waya, bala limatukusira. Koma simungachigwire mwendo ngati mbuzi. Dokotala wa nyama amachiwombera jakisoni ndi mfuti yapadera, nthawi zambiri ali mu helikoputa. Umu ndi momwenso anagonetsera njovu 263 zimene anazisamutsa ku Liwonde kubwera nazo ku Kasungu mu 2022.

Mankhwala ake, otchedwa etorphine kapena M99, ndi oopsa zedi. Nyama yolemera kuposa matumba 20 a chimanga imagwa ndi timadontho chabe, ndipo kadontho kamodzi kakhoza kupha munthu. N'chifukwa chake dokotala amayamba waona kukula kwa nyamayo, n'kuyeza mlingo. Ikagwa amaiphimba m'maso, kuitseka m'makutu, kuithira madzi kuti isatenthedwe, wina n'kumawerenga kapumidwe kake. Akachotsa waya ndi kutsuka bala, amaibayanso jakisoni woidzutsa. Saombera n'komwe ngati jakisoni wachiwiriyu palibe.

Tsono tibwerere pakhomo. Nkhuku zikayamba kuwodzera, ambiri timamasula makapisozi otsala a mwana n'kuthira m'madzi akumwa. Mlingo wake ndi wa m'maso. Komatu chitopa chimayamba ndi vairasi, makapisozi sachichiza. Chimene chimateteza ndi katemera wodontheza m'diso uja, nkhuku zisanadwale.

Mbuzi nayo timaibaya jakisoni wogula pamsika, popanda kudziwa kulemera kwake. Ikapanda kutsitsimuka, mawa lake mpeni, nyama n'kupita pa chiwaya, makamaka nyengo yogulitsa fodya pamene ndalama zikuyenda. Apa ndi pamene pali ngozi. Mankhwala amakhalabe m'nyama, mumkaka ndi m'mazira kwa masiku angapo, ndipo kuphika sikuwachotsa onse. Tikamadya timankhwala totere mosadziwa, tizilombo toyambitsa matenda timawazolowera. Tsiku limene mwana adzadwale chibayo, mankhwala a kuchipatala akhoza kulephera kugwira ntchito. Ine ndimaona kuti kugulitsa nyama yotere kwa mnansi, uli chete, n'kumulakwira, ngakhale timadziwa tonse kupweteka kwa kutaya mbuzi imene unkadalira pa fizi.

Pa botolo la mankhwala a ziweto amalembapo masiku oyenera kudikira musanaphe, musanakame kapena kudya mazira. Masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala. Ngati zalembedwa m'Chingerezi, mlangizi wa ziweto akuwerengereni, ndipo lembani tsiku lobaya pa kalendala. Mabotolowa akhale patali ndi ana, osati pamodzi ndi mchere ndi ufa.

Pa msonkhano wa mwezi wa mawa, mayi aliyense adzabwere ndi botolo kapena paketi ya mankhwala a ziweto imene ili kunyumba kwake. Tidzawerengera limodzi zolembedwapo, ndipo amayi apampando apemphe mlangizi wa ziweto kuti adzakhale nafe.