Kodi opaleshoni ingathetse kubanika kutulo?

Funso: Mayi wina akuti amuna awo amaliza mkonono, kenaka n'kukhala zii osapuma, n'kudzidzimuka akubanika. Masana amangosinza. Kodi opaleshoni ingawathandize?

Yankho: Dokotala wa pakhosi akuti vutoli limadza chifukwa njira ya mpweya imatsekeka munthu akagona. Choyamba bambowo akayezetse, poti ambiri amathandizika ndi makina othandiza kupuma pogona otchedwa CPAP komanso kuchepetsa thupi.

Izi zikakanika, opaleshoni ilipo. Ana amawachotsa matonsilo otupa, ndipo ambiri amachira. Akuluakulu amawadula kanyama kolendewera kukhosi ndi minofu yoyandikana nako, njira imene dokotala wina, Shiro Fujita, anaifalitsa mu 1981, koma si onse amene amachiriratu. Ena amawakokera nsagwada kutsogolo kuti kukhosi kutakasuke.

Ku America, kuyambira 2014, madokotala amaikanso pachifuwa kachipangizo kochititsa lilime kusunthira kutsogolo munthu akamakoka mpweya.