Makalata a omvera: Kulowa ndi mfuti pa Marka

Chiphaso cha mfuti chimathera pa malire a dziko lomwe linachipereka. Ndilo yankho kwa womvera wa ku Nsanje amene wafunsa ngati mbale wake wa ku Mozambique angalowe ndi mfuti yosakira pa chipata cha Marka. Chikalata chakwawoko chilibe mphamvu kuno. Mwini mfuti amayenera kupeza chilolezo cha apolisi a Malawi asananyamuke, ndipo pachipata aionetse pamodzi ndi zipolopolo zake. Kuiwolotsa pa Shire usiku, itakulungidwa mumkeka pansi pa bwato, ndi mlandu wopita nawo kundende. Kukhwimitsaku n'koyenera ndithu: nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri za AK-47 zinatsalira m'midzi, zina n'kugwera m'manja mwa achifwamba mbali ino ya malire.