Botolo la shuga ndi liti?

Pa tebulo pali mabotolo awiri agalasi. Onse ali ndi madzi oyera. M'botolo lina asungunulamo shuga wambiri. M'botolo linzake asungunulamo mcere. Kodi la shuga ndi liti?

Mwana anganene kuti, "Tilawe!" Koma ophunzira a ku yunivesite salawa. M'cipinda ca sayansi kulawa n'koletsedwa, cifukwa madzi ena oyera amapha. Iwo amayesa ndi kuwala.

Aphunzitsi awo atenga magalasi awiri akuda. Si magalasi wamba ayi. Ndi magalasi osefa kuwala. Kuwala kumayenda ngati mafunde a cingwe cimene mwana akugwedeza. Mafunde ena ndi oimirira, ena ndi ogona. Galasi lotere lili ngati mpanda wa bango. Mafunde oimirira amapita m'mipata. Ogona amatsala.

Aphunzitsi ayatsa nyale. Aimika galasi loyamba patsogolo pa nyale. Laciwiri aligoneka copingasa. Ophunzira asuzumira. Kuli mdima bii! Kuwala kwadutsa mpanda woyamba, koma waciwiri wakutsekera njira.

Tsopano aphunzitsi aika botolo limodzi pakati pa magalasi aja. Mdima ulipobe. Alicotsa, naika linzake. Ee! Kuwala kwaoneka! Aphunzitsi azunguza galasi laciwiri pang'onopang'ono. Kuwala kusintha maonekedwe: cikasu, kufiira, kenaka kubiriwira. Ophunzira, ngakhale ndi akuluakulu, aombera m'manja.

Limeneli ndilo botolo la shuga. Shuga amapotoza kuwala, monga amayi amapotoza nsalu yonyowa. Kuwala kukapotoka kumapeza mpata pa galasi laciwiri. Mcere supotoza kuwala.

Jean-Baptiste Biot, wa ku dziko la France, anapeza mu 1815 kuti zamadzimadzi zina zimapotoza kuwala. Pambuyo pake anayesanso madzi a shuga. Shuga akaculuka, kuwala kumapotoka kwambiri. Shuga akacepa, kumapotoka pang'ono.

Ku Marromeu ndi ku Xinavane kuli minda yaikulu ya mizimbe. Mafakitale a shuga amafinya mizimbe, nayesa madzi ake ndi kuwala. Motero amadziwa shuga amene ali m'mizimbe ya mlimi.

Kwa makolo: amene afuna kuyesa kunyumba asungunule shuga mpaka madzi akhale ngati uci. Botolo likhale lagalasi ndiponso lalikulu, cifukwa lapulasitiki limasokoneza kuwala. Magalasi akuda ambiri a pa msika sasefa. Osefa amadziwika cifukwa awiri akapingasana kumada. Ana ayang'ane nyale kapena khoma loyera. Asayang'ane dzuwa.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani ophunzira sanalawe madzi?
2. Kodi cimapotoza kuwala n'ciani, shuga kapena mcere?
3. Jambulani nyale, magalasi awiri ndi botolo pakati.